ZA AMAI NDI NCHITO YA KUTSOGOLERA: Mau Onenedwa pa Cikondwerero ca Mpingo ku Zomba



Akuru okonza cikondwerero cino anandipempha kuti ndinene mau pa za amai, ndi gawo lao m'nchito ya kutsogolera anthu; ndipo anandipatsa nthawi yaifupi, pakuti nyimbo zikali zambiri, ndi miphika iri pamoto. Cifukwa cace sindidzachula onse oyenera kuchulidwa. Ndidzatenga owerengeka okha, amene mapazi ao anaponda miseu ya Zomba ino, kapena ya ku Domasi ndi ku Malosa, kuti tipenye pamodzi cinthu cimodzi copezeka m'mbiri ya onsewo. Cinthuco ndi ici: nzeru ya kutsogolera sitinawapatsa amai ndife, anali nayo kale lomwe, cimene cinawacedwetsa ndico kusowa sukulu, ndi kumanidwa mpando wolembedwa m'dzina lao, ndipo makiyi a zitseko ziwiri izi asungidwa ndi anthu onga ife okhala muno.

Tiyambe ndi makolo athu. Amishoni a ku Scotland asanafike ku Blantyre m'caka ca 1876, midzi ya Amang'anja ndi Ayao yozinga phiri ili inali yomangidwa pa akazi. Mwamuna ndiye anasamuka kukakhala cikamwini kwao kwa mkazi. Munda unali wa mbumba. Ana anawerengedwa ku mtundu wa mai wao, ndi ufumu unatsata mwana wa mlongo. Nankungwi ndiye anali mphunzitsi wa anamwali, ndipo mau ace m'tsimba sanatsutsidwa ndi mwamuna ali yense, ingakhale mfumu. Mzamba ndiye anali sing'anga wa pa cikuta, wodziwa za moyo ndi imfa kuposa onse a m'mudzi. Sindinena kuti masiku aja anali okoma m'zonse. Anali masiku a nkhondo ndi a magoli a akapolo, ndi akazi ndiwo anagwidwa ambiri. Koma munthu asatinamize kuti mkazi wolamulira zinthu ndi mwambo wacilendo wocokera kutsidya la nyanja. Ndipo ngati wina afuna kunena za kutsidya la nyanja, akumbukire kuti boma lija linakhazikika pano pa Zomba m'caka ca 1891 linaweruza mirandu m'dzina la mkazi, Mfumukazi Victoria. Ndi azungu onse a m'maofesi aja, ndi ndebvu zao, anabvula zipewa pakumva dzina lace.

Mishoni itafika kuno ku Zomba m'caka ca 1879, ndi ku Domasi m'caka ca 1884, inadza ndi zinthu zatsopano zimene mudzi sunazidziwa: buku, coko, kalata ya umboni wa maphunziro, ndi malipiro a pa mwezi. Atsikana sanakanizidwa sukulu, iai. Amai acizungu anawasonkhanitsa, nawaphunzitsa kuwerenga, ndi kusoka, ndi kucapa ndi kusita. Koma njira ya mnyamata inapitirira, kufikira uphunzitsi, ndi ukalaliki wa m'boma, ndi ubusa; pamene njira ya mtsikana kawirikawiri inathera pa khomo la ukwati. M'caka ca 1911 mishoni ya Blantyre inadzoza abusa ace oyamba a m'dziko muno, ndiwo a Harry Matecheta ndi a Stephen Kundecha. Sungani caka cimeneco mumtima, pakuti ndidzabwerako.

Taonani tsono cimene cinacitika ku Domasi m'caka ca 1929, pamene boma linatsegula sukulu yochedwa Jeanes, ndi mbusa E. D. Bowman mkuru wace. Dzina limeneli ndi la mkazi. Anna Jeanes anali mai wa mpingo wa Quaker ku Philadelphia, amene m'caka ca 1907 anapereka cuma cace kuti cithandize masukulu a kumidzi a anthu akuda ku America. Ndipo kumeneko aphunzitsi oyendera masukulu aja, ochedwa ndi dzina lace, ambiri anali akazi akuda, kuyambira ndi Virginia Randolph. Iwo anayenda mudzi ndi mudzi, nalangiza aphunzitsi anzao, nasonkhetsa ndalama zomangira masukulu. Koma nzeru yomweyo itaoloka nyanja kufika ku Domasi, inasandulika pang'ono. Kuno anaitana mphunzitsi wamwamuna, nati adze ndi mkazi wace ndi ana ace, akhale m'mudzi wa citsanzo. Mwamuna anaphunzira kuyang'anira masukulu. Mkazi anaphunzira kulera makanda, ndi ukhondo wa pakhomo, ndi kusoka, ndi kuthandiza odwala. Pobwerera kwao onse awiri anagwira nchito. Mai uja anasonkhanitsa akazi a m'midzi nawaphunzitsa, ndipo ana ambiri anapulumuka cifukwa ca iye. Koma wochedwa woyendera masukulu anali bambo. Mai anadziwika monga mkazi wa uje.

Ndakhalitsa pa nkhani iyi cifukwa mcitidwe umenewu sunafe. Kufikira lero tiri nao mkazi wa abusa, mkazi wa akatekisti, mkazi wa aphunzitsi, amene tiyembekeza kuti atsogolere amai, alandire alendo a mpingo, ayendere odwala, alangize mabanja osweka. Ndipo nchito yonseyi ilibe dzina m'buku la msonkhano, ndipo tsiku lomwalira mwamuna wace nchito yatha, ndi nyumba ya mishoni aituruka. Abale, ici sicikoma.

Za Mvano sindiyenera kuuza inu amai obvala zoyera, pakuti mudziwa koposa ine. Koma ndifuna abambo amve. M'bungwe ili, monga m'Cigwirizano ca ku Nkhoma ndi Umanyano wa ku Livingstonia, akazi ambiri anaphunzira koyamba kuimirira pamaso pa anthu ndi kumasulira Mau, kusankha wa pampando ndi mlembi ndi msungi wa cuma, kulemba zonenedwa pa msonkhano, ndi kuwerengera ndalama poyera. Imeneyo ndiyo sukulu ya utsogoleri, ingakhale ilibe belu. Ndipo ndani wa ife sanaone kuti pa maliro, pamene ife abambo tikali kufunsana za bokosi, amai agawana kale nchito, wa nkhuni, wa madzi, wa ufa, wa nyimbo, wokhala pambali pa wamasiye usiku wonse? Munthu wokhoza kudyetsa khamu la pa maliro ndi ndalama zosakwanira sangalephere buku la cuma ca mpingo.

Tsono nditurukire kunja kwa mpanda wa chalichi pang'ono, pakuti mzinda uno unali likuru la dziko kufikira caka ca 1975, ndi Nyumba ya Malamulo inakhala pano kufikira 1994. Ndipo zazikuru za dziko zinacitikira pa maso pa makolo athu.

Mai Rose Chibambo anabadwira ku Mzimba m'caka ca 1928, nadza kuno ku Zomba potsata amuna ao, a Edwin Chibambo, amene anagwira nchito m'boma. Pofika kuno anali mkazi wa kalaliki, monga akazi ena ambiri a m'nyumba za boma. Koma pamene mbiri ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inabuka, iwo anaona kuti amuna okha ndiwo apita ku misonkhano ya Congress, ngati kuti dziko likagulitsidwa akazi sadzagulitsidwa nalo pamodzi. M'caka ca 1952 anayamba kuyenda khomo ndi khomo muno m'Zomba, nasonkhanitsa akazi anzao; ndipo mbeu imeneyo ndiyo inakula kukhala bungwe la amai la dziko lonse. M'mwezi wa March 1959, boma la atsamunda litalengeza za cipwirikiti, anawagwira ali ndi khanda la masiku owerengeka, nawatsekera m'ndende ya Zomba pamodzi ndi khandalo. M'caka ca 1964 analowa m'Nyumba ya Malamulo, mkazi mmodzi yekha pakati pa amuna, napatsidwa udindo wothandiza nduna pa za zipatala ndi ndende. Ndiye kuti amene anagona pansi m'ndende anaikidwa kuyang'anira ndende. Koma m'September wa caka comweco, pa kusagwirizana kwa nduna ndi Dr Banda, anacotsedwa. Ndipo pambuyo pace anathawira ku Zambia, kumene anakhala kufikira 1994. Anamwalira m'caka ca 2016. Nkhope yao muli nayo pa ndalama ya K200, ndipo kapena ena mwaiponya m'mbale ya copereka m'mawa uno osaipenya.

Ndende yomweyo inalandiranso Mai Vera Chirwa, mkazi woyamba wa dziko lino kuphunzira malamulo kufikira kukhala loya. Iwo ndi amuna ao, a Orton Chirwa, anagwidwa m'December 1981, naweruzidwa kuti aphedwe m'caka ca 1983. Cilangoco cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anafera m'ndendemo m'October 1992. Mai Vera anaturuka m'January 1993. Ndipo cimene cindizizwitsa ndi ici, kuti poturuka sanapite kukapumula, koma anatenga maphunziro ao aja, amene zaka za m'ndende sizinathe kuwalanda, nayamba nchito yothandiza osauka ndi akaidi kupeza cilungamo. Munthu akhoza kulandidwa nyumba, ndi munda, ndi mwamuna. Koma cimene anaphunzira apita naco kuli konse. Amai amasiye muli muno mudziwa cimene ndinena.

Tibwerere m'nyumba mwathu, pakuti nkwapafupi kuyamika akazi olimba mtima amene anatsutsana ndi boma, koma nkobvuta kukumbukira amene anatsutsana ndi ife. M'caka ca 1995 amai ogwira nchito mu Sinodi ya Blantyre anayenda ulendo wa mtendere kumka ku Chilema, kufupi ndi Malosa, kumene akuru a Sinodi anasonkhana, atanyamula kalata ya madandaulo ao. Ndipo pakati pa zopempha zao panali ici, kuti akazi ophunzira za Mulungu aloledwe kudzozedwa ubusa. Ena mwa iwo anaimitsidwa pa nchito cifukwa ca ulendo umenewo. M'caka comweco Dr Isabel Apawo Phiri, mphunzitsi wa za cipembedzo pa Chancellor College, pamodzi ndi anzace, anaulula zimene anapeza pofufuza za nkhanza zocitikira ophunzira acikazi pa sukulupo. Ndipo ophunzira ena okwiya anagenda nyumba yace ndi miyala. Izi sizinacitike ku dziko lakutali. Ndi pa Chirunga pomwepa, ulendo wa mapazi kucokera pano.

Ndipo cinatsatira nciani? M'caka ca 2000 Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa Martha Mwale, ndi m'caka ca 2001 Sinodi ya Blantyre inadzoza mbusa Edna Navaya. Werengani tsono kucokera 1911 uja ndinati musunge: zaka 90 pakati pa mbusa woyamba wamwamuna ndi mbusa woyamba wamkazi. M'zaka zonsezo amai ndiwo anadzaza mabenchi, nasesa kacisi, nasenza njerwa ndi madzi pomanga nyumba zopemphereramo. Ndipo m'zaka zonsezo Buku Lopatulika, limene tinalilandira lathunthu m'cinenero cathu m'caka ca 1922, linali ndi mbiri ya Debora woweruza Israyeli, ndi ya Hulida mneneri, ndi ya Priskila amene analangiza Apolo, ndi ya Febe wa ku Kenkreya. Masamba amenewo sanaonjezedwa m'caka ca 2001. Analipo, koma tinawatsegula mofulumira. Dr Phiri uja anagendedwa, pambuyo pace anaitanidwa ku Geneva, nakhala mmodzi wa akuru oyendetsa bungwe la mipingo ya pa dziko lonse.

Pali mai wina amene mbiri yace ndiikonda koposa, cifukwa iyandikana ndi moyo wa anthu wamba. Mai Theresa Kachindamoto anagwira nchito ya ulembi zaka 27 pa sukulu ya ubusa ya muno m'Zomba. Analemba makalata, nasunga mapepala, nayankha alendo pakhomo la ofesi. Ophunzira ubusa ambiri anapita pa tebulo lao, ndipo ndikayika ngati mmodzi anaganiza kuti apenya mfumu. Koma m'caka ca 2003 akuru a kwao ku Dedza anawaitana kuti adzalowe ufumu. Pofika anapeza ana akazi a zaka 12 ndi 13 ali ndi makanda kumsana. Ndipo anasonkhanitsa mafumu a pansi pao, nawalembetsa pangano la kuletsa maukwati a ana, nacotsa pa mpando mafumu amene anapitiriza kubvomereza maukwati otere, nathetsa maukwati mazanamazana, nabweza anawo ku sukulu. Penyani bwino zida zimene anagwira nazo nchito: pangano lolembedwa, dzina losainidwa, kaundula wa ana. Zimenezo ndi zida za mlembi. Zaka zija za pa ofesi sizinatayike; ndipo dziko lomwe linatsata njira yomweyo, pakuti lamulo la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndi m'caka ca 2017 malamulo akuru a dziko anakonzedwa kuti abvomerezane nalo.

Za Mai Joyce Banda ndinena pang'ono, pakuti muwadziwa nonse: anabadwira kwa Malemia m'caka ca 1950, nayambitsa bungwe la amai a malonda, nasankhidwa phungu wa Zomba Malosa m'caka ca 2004, nakhala Pulezidenti wa dziko kuyambira April 2012 kufikira May 2014. Za ulamuliro wao yense ali ndi maganizo ace, ndipo guwa lino si bwalo la ndale. Koma masiku aja tinamva mwambi uja ubwerezedwa m'misika ndi m'mabasi, wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ndipo ena oubwereza anali akristu, obadwa mwa mkazi, ophunzitsidwa alifabeti ndi mkazi, amene fizi yao inacokera m'dengu la tomato la mai wao. Mwambi umenewo ngwa ng'ombe. Usamvekenso pa bwalo la chalichi.

Tsono ndiri ndi mau kwa inu akatekisti ndi aphunzitsi a kalasi, pakuti inu ndinu muli pafupi ndi ana koposa abusa.

Mukadzuka mamawa ndi kupenya njira zotsika m'phirimu, mudzaona akazi ndi atsikana alikutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wao. Ndipo mukakwera mseu wa ku Ku Chawe mudzapeza ana ogulitsa zipatso kwa alendo opita kukaona Mulunguzi ndi Chingwe's Hole. Ena mwa atsikana amenewo ali m'kaundula wanu wa kalasi. Mtsikana wotere adziwa kuwerengera cenji msanga kuposa mnyamata wa Fomu 2. Pansi pa phiri lomwelo pali University of Malawi, imene inasamukira kuno monga Chancellor College m'caka ca 1973. Pali St Mary's. Pali sukulu ya aphunzitsi ku Domasi, ndi ya anamwino ku St Luke's ku Malosa, ndi ya ubusa muno m'tauni. M'Malawi monse ndi malo owerengeka okhala ndi zitseko za maphunziro zoyandikana cotere. Koma kwa mwana wa mtolo wa nkhuni zitsekozo ziri kutali monga London, ngati palibe munthu wamkuru womgwira dzanja.

Cifukwa cace mtsikana akasowa m'kalasi masabata awiri, musangolemba mzere pa dzina lace. Pitani kwao. Mukapeza kuti bvuto ndi fizi, kapena yunifomu, dzani nalo ku msonkhano wa akuru, monga mudza ndi mirandu ina. Pakuti tizolowera kukhala maora atatu pa mlandu wa mtsikana amene watenga pakati, koma sitinakhale ndi theka la ora pa funso lakuti tikadamsunga bwanji pa sukulu. Ndipo amene wacira, mwana ali kumsana, muuzeni iye ndi makolo ace kuti boma lilola mai wotere kubwerera ku sukulu. Ambiri sadziwa, ndi ena adziwa koma aopa kusekedwa. Mukampatsa cilango ca mpingo, mpatseninso njira yobwerera m'kalasi. Ndipo mnyamata kapena bambo amene anamcimwitsa asakhale pa benchi lace mwamtendere monga ngati mimba idza ndi mphepo.

M'kalasi momwemo, popatsa ana nchito, penyani m'mene mugawira. Ngati mnyamata ndiye awerenga Mau ndi kutsogolera pemphero masabata onse, ndi mtsikana ndiye asesa ndi kutunga madzi, mwaphunzitsa ciphunzitso cimene mulibe m'Katekisma. Mpatseni mtsikana buku aimirire kutsogolo. Mau ace adzanjenjemera tsiku loyamba, monga ananjenjemera anu.

Kwa inu akuru a mpingo pempho langa ndi la masankho. Pamene tisankha a komiti ya cikondwerero conga cino, maina a amai aturuka msanga pa gawo la zophika ndi la zokongoletsa. Koma pa gawo la cuma, ndi la zomanga, ndi la sukulu, timva kuti palibe mai wodziwa. Muno muli anamwino oyang'anira cipinda conse ca odwala usiku, muli aphunzitsi akuru a masukulu, muli osunga mabuku a ndalama m'maofesi, muli amai oyendetsa mabanki a m'mudzi amene ndalama zao sizisowa ngakhale tambala. Lolemba alamulira anchito, ndipo pa Sabata tiwapatsa cikombe. Sindipeputsa cikombe, tonse tidzadya za m'miphika ija posacedwa, ndi kuyamika. Koma mai mmodzi akhoza kugwira cikombe ndi colembera, ndipo abambo ena nao manja ao sangapse akasenza nkhuni. Ndiponso pakadza kalata yoitana anthu ku maphunziro a ku Chilema kapena ku Chigodi, isagone m'thumba la jekete la mlembi kufikira tsiku litapita. Iwerengedwe poyera, ndi ndalama ya ulendo iperekedwe monga tipereka kwa abambo opita ku Presbiterio.

Ndi inu amai akuru, anankungwi a masiku ano, muli ndi mbali yanu. Mwana wamkazi akapita patsogolo m'maphunziro, kawirikawiri mau omlefula samcokera kwa abambo okha. Amva kwa azakhali ndi agogo kuti adzakalamba osakwatiwa, kuti mabuku sabala mwana. Ndipo mai akasankhidwa pa mpando, miseche iyamba ku mbali ya amai anzace. Pa cilangizo ca anamwali, pamene muwauza za ulemu ndi za kusunga thupi, itananiponi namwino mmodzi, kapena mphunzitsi, kapena mbusa wamkazi, akhale nao madzulo amodzi, awauze maphunziro amene anatenga, ndi zaka zace, ndi kumene fizi inacokera. Ana athu ambiri sanakhalepo pa mphasa imodzi ndi mkazi wotere.

Pomariza ndiika pempho limodzi pamaso pa abusa ndi akuru, kuti alitenge ku msonkhano wao woyamba cikatha cikondwerero cino. M'kabuku ka cikumbutso mwalembedwa maina a abusa onse amene anatumikira pano, yense ndi zaka zace, ndipo nkoyenera. Ndipempha kuti asankhidwe anthu awiri, mai ndi bambo, ayendere nkhalamba zathu zikali ndi moyo, nalembe maina a amai amene anatsogolera Mvano pano kuyambira paciyambi, ndi a aphunzitsi acikazi a sukulu yathu, ndi a azamba amene anatilandira pobadwa. Ndipo mainawo alowe m'buku la mpingo, limene lisungidwa m'bokosi la ku vestri. Ndi pa copereka ca lero, cigawo cina cipatulidwe cikhale ca fizi ya atsikana a m'kalasi amene asankhidwa kupita ku sekondale caka cino. Akatekisti abwere ndi maina ao kwa mlembi wa mpingo mwezi uno usanathe.